Mphindi 20 zokhala chete ku Matawale

Kumapeto kwa Januwale 2025, foni ya azakhali anga sinkachoka m'manja. Ankapita nayo kumsika, ankaphika ili pambali pa mbaula, usiku n'kugona nayo kumutu. Mwana wawo wachiwiri, msuweni wanga, ndi msilikali ndipo nthawi imeneyo anali kum'mawa kwa dziko la DR Congo.

Amene simudakhaleko ku Zomba mwina simungamvetse msanga. Kuno nkhondo ya kutali siikhala kutali. Tili ndi Cobbe Barracks, tili ndi asilikali a ndege ku Airwing, komanso chipilala cha asilikali a KAR chimene timachiona polowa mumzinda. Ku Matawale n'kovuta kupeza munthu amene alibe m'bale, mlamu kapena neba wovala yunifomu. Ndiye itamveka nkhani yoti zigawenga za M23 zalowa mumzinda wa Goma, ndipo asilikali atatu a dziko lino aphedwa pamodzi ndi anzawo a ku South Africa, tulo tidasowa m'makomo ambiri.

Asilikali athu adapita kumeneko pansi pa bungwe la SADC, limene lidayamba kutumiza gulu lake mu Disembala 2023. Ena anali pansi pa United Nations. Mabanja ambiri anali asanaiwale za Novembala 2018 pamene Amalawi asanu ndi mmodzi adafa pafupi ndi Beni, mmodzi mwa iwo ali Chancy Chitete, amene adaphedwa akupulumutsa mnzake wa ku Tanzania.

Chimene chinkadwalitsa azakhali kwenikweni ndi WhatsApp. Mphindi iliyonse kunkabwera kanema wina, chithunzi china, uthenga wa mawu wa munthu wosadziwika wonena motsimikiza ngati analipo. BP yawo idakwera mpaka tidapita nawo kuchipatala.

Amene adabwera ndi nzeru ndi agogo ena a nyumba yoyandikana nafe, mphunzitsi wopuma pantchito. Adaitana amayi angapo amene ana kapena amuna awo anali ku Congo kuti azikumana pakhonde pawo 5 koloko madzulo. Lamulo lidali limodzi: aliyense akafika azithimitsa foni n'kuiika m'lichero, kenako onse akhale chete kwa mphindi 20, mtima uli pa mtendere.

Ndinene zoona, ine ndidaseka. Ndidangoperekeza azakhali poopa kuti angagwe panjira. Kuno kwathu pemphero timalidziwa ndi la mawu, la nyimbo, la usiku wonse mpaka mawu kusasa. Zongokhala duu pamphasa ndinkaziona ngati za m'mafilimu a ku India.

Koma agogowo adaliganizira bwino. Pagulupo padali Akatolika, a CCAP, a mipingo ya chipentekoste komanso amayi awiri achisilamu. Kukadakhala kupemphera mokweza, funso likadabuka loti atsogolere ndani, ndipo atseke m'dzina la yani. Kukhala chete kudathetsa mkanganowo usanayambe. Wina ankayendetsa korona m'zala, wina mikanda yake ya tasbih, wina ankangotseka maso n'kumapuma pang'onopang'ono monga adatiuzira agogo. Pomaliza aliyense ankatchula dzina limodzi la munthu amene akumuganizira. Kenako agogo ankatchula malo: Goma, Sake, Cabo Delgado, Sudan, Gaza, Ukraine. Basi, kwatha.

Tsiku loyamba mphindi 20 zidatalika ngati ulendo wa basi wopita ku Mzuzu. Ndinkamva njinga zamoto kumsewu, wailesi ya neba, mwana akulira, ndipo mutu wanga udali pa deta imene ikutha mawa. Tsiku lachitatu ndidazindikira kuti azakhali, amene masiku onsewo ankapuma mobanika ngati akwera phiri la Zomba, akupuma bwinobwino. Usiku umenewo adadya nsima n'kumaliza.

Chidandikhudza kwambiri ndi tsiku limene agogo adawonjezera kuti tiganizirenso amayi a anyamata a mbali inayo. Mayi mmodzi adadzuka n'kutenga foni yake m'lichero, wapita. Sindidamuweruze, mwamuna wake ndi amene anali pamoto. Adabweranso patapita masiku awiri, osanena kanthu, n'kukhala pamalo pake.

Agogowo nkhondo amaidziwa kudzera mwa othawa. Adaphunzitsapo ku Nsanje m'zaka za m'ma 1980, pamene anthu a ku Mozambique ankakhamukira kuno mpaka kuposa 1 miliyoni. Amakonda kukumbutsa kuti pangano limene lidathetsa nkhondoyo lidasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, ndipo amene adathandiza kuyanjanitsa mbali ziwirizo ndi a Sant'Egidio, gulu la akhristu eniake lodziwika ndi mapemphero a mtendere. Ine ndimawayankha kuti: "Agogo, amenewo sadangopemphera, adakhalitsanso anthu pansi zaka ziwiri akukambirana." Iwo amangoseka n'kuti munthu wosadziwa kukhala chete sangamvere mnzake.

Sindinganene kuti pakhonde la ku Matawale ndi pamene padaletsa zipolopolo. Kumayambiriro kwa Febuluwale, Lazarus Chakwera, amene anali mtsogoleri wa dziko, adalamula kuti asilikali akonzekere kubwerera, ndipo pa 13 Malichi atsogoleri a SADC adagwirizana zothetsa ntchito ya gulu lawo. Zimenezo ndi ndale ndi zokambirana. Chimene ndidaona ndi maso anga n'chakuti amayi aja adasiya kutumizirana mphekesera, ndipo wina akapanda kubwera, anzake ankapita kukagogoda kwawo.

Msuweni wanga adabwerako wamoyo, wowonda, wosakonda kulankhula. Chitseko chikamenyetseka amadzidzimuka. Azakhali adamuuza za pakhonde paja, iye adati zimenezo n'za azimayi. Koma Lachitatu lina ndidamupeza atakhala patsinde pa mango, chapatali pang'ono ndi mphasa, foni yake ili m'lichero.

Masiku ano amakumana kamodzi pa sabata ndipo atsala ochepa. Mndandanda wa malo amene agogo amatchula sunafupike, ndipo Goma akadali poyamba.