Kompyuta ikavuta sikuti yafa

ULÓNGUE – Masiku ano mapepala a boma amadutsa pa kompyuta. Requerimento yopemphera malo, declaração ya kusukulu, pauta ya mayeso a ana, ngakhale mndandanda wa alimi amene atenga feteleza pa ngongole ku bungwe lawo, zonsezi zimalembedwa pa makina amenewa. Kompyuta imodzi ya ku secretaria kapena ya m'kasitolo ka fotokope ikaima, midzi ingapo imaima nayo. Mayi amene wayenda wapansi kuchokera kumudzi amabwerera chimanjamanja. Mwana amaphonya tsiku lotsiriza kulembetsa.

Makompyuta ambiri a m'maboma a m'malire monga Angónia, Tsangano ndi Macanga ndi akaunjika. Ena anachokera ku Joni, ena ku Lilongwe kapena ku Blantyre. Amafika atatcheredwa m'Chingerezi, potsata dziko lina. Ikayamba kuvuta, mwini wake amaganiza zoikweza chapa kupita nayo ku Tete, ulendo wa makilomita oposa 200 kuchokera ku Ulóngue. Komatu matenda ambiri amakhala m'pulogalamu yaikulu yoyendetsa makinawo, imene kwathu kuno kawirikawiri ndi Windows, ndipo amachizika pomwepo popanda kulipira ulendo.

Choyamba ndi zilembo. Kiyibodi ya Chingerezi ilibe ç ndi ã, choncho mawu akuti declaração amatuluka opunduka, ndipo pepala lotere likhoza kubwezedwa ku ofesi. Mankhwala ake ndi kulowa mu Definições, kapena Settings ngati makinawo ali m'Chingerezi, kupita pa gawo la nthawi ndi chilankhulo, n'kuwonjezera kiyibodi ya Português. Mukatero ç imapezeka pa batani loyandikana ndi L kumanja. Chizindikiro cha @ chimasamuka, chimatuluka podina AltGr pamodzi ndi 2. Kubwerera ku Chingerezi n'kosavuta: dinani batani la Windows pamodzi ndi batani lalitali la pansi. Olemba Chichewa amene akufuna ŵ mu Word alembe 0175 kenaka adine Alt ndi X.

Pepala nalo limasokoneza. Makina otcheredwa Chimereka amayembekeza pepala lotchedwa Letter, lalifupi koma lotambalala pang'ono, pamene ife timagula A4. Zotsatira zake mizere imasuntha, malo osainira amagwera tsamba lachiwiri. Sankhani A4 mu Word ndiponso m'makonzedwe a printa, kamodzi kokha basi.

Chachiwiri ndi tsiku. Kompyuta ikamakana kutsegula masamba a intaneti, n'kumanena kuti njirayo si yotetezeka, yang'anani kaye koloko pakona ya m'munsi kumanja. Ngati ikuonetsa chaka chakale, vuto lagona pamenepo. Mkati mwa bokosi muli kabatire kozungulira konga ndalama yachitsulo, dzina lake CR2032. Ndiko kamasunga tsiku makina akazima. Kakatha mphamvu, tsiku limabwerera m'mbuyo nthawi zonse mukazimitsa. Kabatireko n'kotchipa ndipo kamapezeka kwa ogulitsa mawotchi ndi zida za mafoni. Musanatsegule bokosi zulani chingwe cha magetsi. Potchera nthawi sankhani mzere wolembedwa UTC+02:00 Harare, Pretoria, pakuti ndiyo nthawi ya Mozambique ndi Malawi yemwe.

Chachitatu ndi mamega otha msanga. Ambiri amalumikiza kompyuta ku foni kuti apeze intaneti. Windows ikaona njira yatseguka imayamba kudzikokera zokonzera zake mwakachetechete, ndipo mamega a sabata amatha m'mawa umodzi. Pa gawo la Rede e Internet pali posankha kuti njira imeneyi ndi yowerengera, Ligação com tráfego limitado. Mukayatsa pamenepo, makina amasiya kukoka zinthu zikuluzikulu osapempha. Koma zokonzerazo n'zofunika pa chitetezo, choncho patulani tsiku limodzi pamwezi loti zilowe.

Vuto limene laliritsa anthu ambiri ndi la flash. Flash imodzi imayenda kusukulu, ku fotokope, kwa mnzako, ndipo imatenga kachilombo. Munthu akaitsegula amapeza mafoda ake onse asanduka tizithunzi tokhala ndi kamuvi pakona. Amaganiza kuti zonse zafufutika, ndiye amalola kuti aichite formatar. Pamenepo ndiye wataya ntchito yake ndi manja ake. Nthawi zambiri kachilomboka sikafufuta kanthu, kamangobisa. Musadine tizithunzi ta kamuvito, chifukwa ndimo kachilombo kamadzukira. Yambani mwaipima flash ndi Microsoft Defender, mlonda amene ali kale mu Windows 10 ndi 11. Kenaka wodziwa makina atha kuulula zobisikazo ndi lamulo lotchedwa attrib. Ndi ntchito ya mphindi zochepa. Safunsa anadya phula.

Makina akauma osayankha, musathamangire kuzula chingwe. Dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi. Patuluka mndandanda wa mapulogalamu amene akugwira ntchito, ndipo mutseke wokhawo umene wauma. Kuzima mwadzidzidzi ndiko kumawononga mafayilo a Windows, mpaka tsiku lina makina amakana kudzuka. N'chifukwa chake kumene magetsi amathimathima kabokosi ka UPS n'kofunika. Kamapereka mphindi zingapo zoti munthu asunge ntchito n'kuzimitsa bwino. Amene alibe azolowere kudina Ctrl ndi S pakutha pa ndime iliyonse. M'dzinja, ziphaliwali zikayamba, zulani zingwe zonse kukhoma. M'chilimwe mdani ndi fumbi: likatseka timabowo ta mpweya makina amatentha n'kumazima okha. Ikani bokosi patebulo, osati pansi, ndipo liphimbeni ndi nsalu likazima.

Pali nkhani ina yofunika kuidziwa pogula. Kampani ya Microsoft inasiya kusamalira Windows 7 pa 14 Januwale 2020, ndipo Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, kupatula amene analembetsa chithandizo chowonjezera chofika pa 13 Okutobala 2026. Makina otere amayakabe ndi kulemba monga kale, koma ming'alu yatsopano imene akuba a pa intaneti apeza sitsekedwanso. Windows 11 imafuna RAM yosachepera 4 GB, malo a 64 GB ndi kachida ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0, kamene makina akale ambiri alibe. Wogula afunse zimenezi asanatulutse ndalama.

Amene ali kale ndi makina akale asawataye. Pali Linux Mint, pulogalamu yaulere imene imayenda pa makina ofooka, imalankhula Chipwitikizi, ndipo imabwera ndi LibreOffice yotsegula makalata a Word. Asanaiike akopere kaye mafayilo onse kwina, ayesenso ngati printa yawo ikugwirizana nayo.

Nanga inu a kumudzi amene mulibe kompyuta? Mukalembetsa pepala lofunika, werengani dzina ndi tsiku musanachoke pakhomopo. Pemphani makope awiri, ndipo pemphaninso kuti akutumizireni fayiloyo pa foni. Makina a kusitolo akadzavuta mawa, pepala lanu lidzakhala lili m'thumba.