CHINYEZI, DOTHI NDI KUOLA KWA MBANDE: PHUNZIRO LA PA KAPINGA

Achikumbi anzathu, ambiri a ife taonapo kapinga wa pa bwalo la sukulu kapena wa pa boma m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale. Udzu wonse uli wobiriwira, koma apa ndi apo pali zigamba zozungulira ngati lichero, pamene udzu wafiira monga wathiridwa madzi otentha. Chimene chiononga kapingayo ndi cha mtundu womwewo ndi chimene chigwetsa mbande za fodya pa nazale. Tiyenera kuchidziwa bwino, pakuti kapinga akafa aphukanso, koma mbande zikafa mu Okutobala mwini wake adzaokera mochedwa, kapena adzayenda kupempha zotsala kwa anzake.

MDANI WAKE NDANI?

Pamene mbande zigwa usiku umodzi, ena amati mnansi wawachita chipongwe chifukwa cha nsanje. Si choncho ayi. Tikazula mbande imodzi ndi kuiyang'anitsitsa, tiona kuti tsinde lake laola ndi kuning'a pamene likumana ndi dothi. Choolesa ndi tizomera tating'onoting'ono, abale ake a chuku chimene chimera pa nsima yogona. Akatswiri atcha wina Rhizoctonia ndi wina Pythium. Tizomerati tikhala m'dothi ndi m'zinyalala zoola chaka chonse, m'minda ya anthu onse, ya waulesi ndi ya wakhama yemwe. Pa tokha tilibe mphamvu yaikulu. Tidikira zinthu zitatu: madzi okhalitsa, kufunda, ndi mbewu yanthete. Zitatuzi zikakumana nthenda ibuka. Chimodzi chikasowa nthenda igona.

NYENGO IMENE NTHENDA IKONDA

Mvula yamkuntho imene igwa ola limodzi dzuwa n'kuwalanso siopsa kwenikweni, chifukwa masamba auma msanga. Yoopsa ndi mvumbi wa masiku atatu kapena anayi, mitambo yosachoka, usiku wofunda wopanda mphepo, ndi mame amene akhala pa masamba kufikira dzuwa litakwera. Tsamba likakhala lonyowa maola 10 kapena kuposa, njere za nthenda zipeza nthawi yomera ndi kuloweza m'kati. Njere za Pythium zisambira ndithu m'madzi amene ali pakati pa dothi, kuchoka pa mbande imodzi kunka pa inzake. Ndicho chifukwa chake chigamba chiyamba chaching'ono ngati chikhatho, m'mawa mwake chili ngati mbale.

Tsono taonani. Nazale timafesa mu Seputembala ndi Okutobala, pamene kunja kuli gwaa. Nanga mvumbi uchokera kuti? Tiupanga tokha. Tikathira madzi ambiri dzuwa litalowa, pa bedi lophimbidwa ndi udzu wochindikala, mbande zigona usiku wonse m'chinyezi chofunda, monga m'mwezi wa Febuluwale. Akulu anati walira mvula walira matope. Wothirira mopyola muyeso aitana matope pa bedi lake lomwe.

DOTHI

Pa bwalo la sukulu zigamba zija zipezeka kawirikawiri pa malo otsika pamene madzi aima, pa malo amene ana apondaponda mpaka dothi lagwirana, ndi pa mthunzi wa mtengo. Pa nazale n'chimodzimodzi. Makande a m'dambo asunga madzi nthawi yaitali, ndipo mizu isowa mpweya ndi kufooka. Dothi losakanikirana ndi mchenga lilola madzi kutsika, pamwamba pake n'kuuma. Popeza tifuna kukhala pafupi ndi chitsime, tisankhe m'mphepete mwa dambo pokwererapo, osati m'kati mwenimweni.

Chakudya chochuluka nachonso chiononga. Manyowa osaola bwino, kapena feteleza wobiriwitsa masamba monga yureya akachuluka, mbande zikula msanga ndi kukongola m'maso, koma khungu lake likhala lofewa ndi lamadzimadzi, losavuta kuboola.

Chinanso ndi kuthithikana. Mbewu ya fodya ndi yaing'ono koposa: pa gramu imodzi pali njere ngati 10,000. Munthu akawonjezera pang'ono pokha poopa kuti zina sizimera, mbande zituluka ngati ubweya. Pamenepo mphepo sipita pakati pake, dzuwa silifika pansi, ndipo dothi siliuma tsiku lonse.

ZOYENERA KUCHITA

1. Tisinthe malo a nazale chaka ndi chaka. Tisafese pamene panali fodya, matimati kapena mbatata ya kachewere, pakuti mbewu zimenezi n'zapachibale ndipo zigawana nthenda zambiri.

2. Bedi likwezedwe masentimita 15, m'lifupi likhale mita imodzi, ndipo pakhale ngalande yochotsa madzi.

3. Titenthe bedi ndi mapesi tisanafese. Moto upha nthenda ndi njere za udzu zimene zili m'dothi la pamwamba. Tikatero tisapondepo, ndipo tisabweretsepo dothi la kwina ndi khasu.

4. Tifese muyeso umene mlangizi watiuza, osawonjezera. Pothithikana tipatulire.

5. Mbewu isanamere, pamwamba pa bedi pasaume. Koma mbande zikamera ndi kugwira mizu, tichepetse maulendo othirira. Tithirire m'mawa, ndipo ulendo womaliza ukhale dzuwa likadalipo, kuti masamba aume kusanade.

6. Udzu wophimbira tiuchepetse pang'onopang'ono pamene mbande zikula, makamaka kukachita mitambo.

7. Tikaona chigamba, tifukule mbande zodwala pamodzi ndi dothi lake ndi zina zozungulira, tikataye kutali. Tileke kuthirira pamenepo masiku angapo, ndipo tiuze mlangizi tsiku lomwelo. Mbande ya bala lakuda pa tsinde tisaiokere ku munda, ngakhale masamba ake aoneke abwino.

KU MUNDA WA CHIMANGA

Lamulo lomweli ligwiranso pa chimanga. Chiwawu cha masamba ndi dzimbiri zichuluka m'chaka cha mvumbi ndi mame ambiri, makamaka m'munda wothithikana ndi wosapalira. Mvula ikapitirira chimanga chitakhwima, madzi alowa m'makoko ndipo chiola ndi chuku. Nthenda zambiri zotere zitsalira m'mapesi a chaka chatha. Chifukwa chake munda umene unadwala tiubzale mtedza kapena nyemba chaka chotsatira, ndipo chimanga tikolole pa nthawi yake ndi kuchiumitsa bwino chisanalowe m'nkhokwe.

Mitambo sitingathe kuilamula. Koma malo a bedi, muyeso wa mbewu, udzu wophimbira ndi madzi a m'keni zili m'manja mwathu. Tiyendere nazale m'mawa uliwonse mame asanaume, tigwade, tikankhe udzu ndi kuyang'ana pa tsinde la mbande. Pamenepo ndi pamene nthenda iyamba kuonekera.