Bwanamkubwa Manning ndi Asilikali Ake

Akuluakulu a ku Mchinji amakumbukabe kuti boma lawo kale linkatchedwa Fort Manning. Mwini dzinalo anali Sir William Manning, Mngelezi amene anabadwa m'chaka cha 1863. Usilikali anaukhwimira ku India ndi ku Burma, ndipo anafika m'dziko muno mu 1893. Linga la ku Mchinjilo linamangidwa chifukwa cha Angoni a Mpezeni, amene anagonjetsedwa mu 1898.

Gulu la King's African Rifles litakhazikitsidwa mu 1902, Manning ndiye anali woyang'anira wamkulu. Mu 1903 anatsogolera nkhondo ku Somaliland yolimbana ndi Mohammed Abdullah Hassan, ndipo anatenga anyamata a kuno, ambiri a iwo Ayao. M'mwezi wa Epulo, pa malo otchedwa Gumburu, gulu lake lina linazingidwa ndi adani. Zipolopolo zinawathera. Ambiri anagona pomwepo, m'dziko louma la eni ake, pa mkangano umene sunali wawo konse.

Chodabwitsa n'chakuti tsokalo silinamtsekere njira Manning. Utsogoleri wa nkhondoyo unapatsidwa kwa wina, komabe iye anangokwererakwerera: Bwanamkubwa wa Nyasaland ku Zomba kuyambira 1911, wa Jamaica mu 1913, kenaka wa Ceylon kuyambira 1918 mpaka 1925. Anamwalira mu 1932.

Amene anawakumbukira anyamata aja anali John Chilembwe. Mu 1914, nkhondo ya Ajeremani itayamba, analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times, kudandaula za mwazi wa anthu akuda umene unakhetsedwa kale, ndi za amasiye amene anatsala m'midzi.