Eschen, kwawo kwa mayi woumba mbiya amene anatsegulira anzake Nyumba ya Malamulo

Ulendo wathu woyendera matauni ang'onoang'ono a ku Ulaya watifikitsa sabata ino ku Eschen, m'dziko la Liechtenstein, lomwe lapanikizika pakati pa Switzerland ndi Austria. Dzikoli ndi la masikweya kilomita 160 okha, ndipo anthu ake, pafupifupi 40,000, angakwane onse m'bwalo la masewero la Bingu ku Lilongwe. Eschen, pamodzi ndi mudzi wa Nendeln, ndiye tauni yaikulu ya chigawo chakumunsi chotchedwa Unterland. Matauni ena a chigawochi ndi Mauren, Gamprin, Ruggell ndi Schellenberg.

Anthu a kuno amanyadira kuti dziko linayambira kwawo. Mu 1699 banja la akalonga a Liechtenstein linagula dera la Schellenberg, lomwe lero ndi chigawo chakumunsi, mu 1712 linagulanso Vaduz, ndipo mu 1719 madera awiriwa anakhala dziko limodzi. Nyumba ya Malamulo, yomwe amaitcha Landtag, inakhazikika ndi malamulo a 1862. Inali ndi aphungu 15: atatu ankachita kuikidwa ndi kalonga, ena 12 ankasankhidwa ndi nthumwi za anthu. Mu 1918 amuna anayamba kudzisankhira okha aphungu, zipani zinabadwa, ndipo mu 1921 kunabwera malamulo oyendetsera dziko omwe akugwirabe ntchito. Lero aphungu alipo 25: chigawo chakumtunda chimatumiza 15, chakumunsi 10.

Mbiri yonseyi, kwa zaka zoposa 120, inali ya amuna okhaokha. Amayi ankalima, kulera ana, kugwira ntchito m'mafakitale ndi kukhoma msonkho, koma tsiku la chisankho ankatsala pakhomo. Chowawa kwambiri n'chakuti oti asinthe lamuloli anali amuna omwewo, kudzera pa riferendamu. Mu 1971 anakana, kusiyana kwake mavoti 81 okha. Mu 1973 anakananso, ulendo uno ndi mavoti ochuluka. Ena ankaopa kuti akazi ochokera kunja okwatiwa m'dzikomo adzalanda mphamvu m'midzi. Mu 1981 amayi ena anayambitsa gulu la Aktion Dornröschen, ndipo anakadandaula mpaka ku Strasbourg, ku bungwe la mayiko a ku Ulaya. Pa 1 Julaye 1984 amuna anavomera, koma monyinyirika: 2,370 anati inde, 2,251 anati ayi. Liechtenstein inakhala dziko lomaliza mu Ulaya kupatsa amayi voti pa chisankho cha dziko.

Chisankho choyamba cha aphungu chimene amayi anaponya nawo voti chinali cha 1986, ndipo amene anadutsa anali mmodzi yekha: mayi Emma Eigenmann a ku Nendeln, a chipani cha FBP. Mayiwa sanachokere m'maofesi a maloya kapena m'mabanki a ku Vaduz. Anachokera ku dongo. Anabadwira m'banja la Schädler, lomwe lakhala likuumba ku Nendeln kuyambira 1836, ndipo iwo eni ankayendetsa nawo ntchitoyo. Pamalopo amaumba mbale, makapu, mitsuko ndi matailosi omangira mbaula zotenthetsera m'nyumba nthawi ya chisanu. Woumba amaika chibuma cha dongo pa gudumu lozungulira, amanyowetsa manja, n'kumakweza khoma la mtsuko pang'onopang'ono ndi zala. Chikauma amachiwotcha mu uvuni, amachipaka utoto, n'kuchibwezeranso pamoto. Ndi ntchito yosafuna phuma, ndipo munthu woizolowera amadziwa kusunga antchito, kuwerengera ndalama ndi kukambirana ndi ogula. Mayi wodziwa zonsezi anafika zaka zoposa 50 asanaloledwe kusankha phungu wa kwawo.

Anakhala yekha pakati pa amuna 14. Mipando itawonjezeredwa kufika 25 mu 1989, anasankhidwanso, n'kukhalabe yekha pakati pa amuna 24 mpaka 1993. Mutu umodzi susenza denga, ndipo n'zachisoni kuti nkhawa za theka la mtundu zinkadalira pakamwa pa munthu mmodzi kwa zaka zisanu ndi ziwiri. Ngakhale pambuyo pake zinthu sizinayende mowongoka. Mu 2017 amayi atatu okha ndiwo analowa m'Nyumba ya Malamulo. Mu 2020 panabwera ganizo loti malamulo a dziko alimbikitse kuti amuna ndi akazi aziimiridwa mofanana m'maudindo a ndale, koma pafupifupi ovota 8 mwa 10 aliwonse analikana. Mu 2021 chiwerengero chinakwera kufika pa amayi 7.

Pali gulu linanso lopanda mawu ku Eschen. Fakitale ya thyssenkrupp Presta, yopanga zipangizo za chiwongolero cha galimoto, ili m'tauni momwemu ndipo ndi imodzi mwa zolemba anthu ambiri ntchito m'dziko lonse. Oposa theka la anthu ogwira ntchito mu Liechtenstein amagona kunja kwa dzikolo, amalowa m'mawa n'kutuluka madzulo, ndipo misewu ya chigawo chakumunsi imadzadza ndi galimoto zawo. Njanji yochokera ku Feldkirch kupita ku Buchs imadutsa pa Nendeln, koma mu 2020 ovota anakana ndondomeko yoikonza kuti sitima ziziyenda pafupipafupi. Amene amavutika kwambiri pamsewu si amene anafunsidwa.

Chiyembekezo chilipo ndithu: mu Epulo 2025 mayi Brigitte Haas anakhala mayi woyamba kutsogolera boma la Liechtenstein ngati nduna yaikulu, patatha zaka 41 amayi atalandira voti.