KUYESA KALALIKI WA MAKINA PA NCHITO ZOMANGA

Pa nchito iri yonse yaikuru yomanga, kaya ndi cipatala, ulalo, kapena nyumba ya makina ya pa mgodi, pali magulu awiri a anthu. Ena akhala mu ofesi najambula mapulani. Ena aima pa dzuwa ndi simenti ndi zitsulo, namanga cimene cajambulidwa. Koma palibe pulani imene inena zonse. Pepala lina lionetsa muyeso wakuti, linzace lionetsa wina. Paipi ya madzi ipezeka iri kudutsa pomwe payenera kugona mtanda wa citsulo. Pamenepo kapitao wanzeru salota yankho, pakuti akuru anati safunsa anadya phula. Kontrakita alembera injiniya kalata ya funso, imene m'Cingerezi aicha RFI. Kalata iri yonse ipatsidwa nambala ndi tsiku, ndipo yankho lace lisungidwa pamodzi nayo.

Makalata awa acuruka koposa. M'caka ca 2013 bungwe la Navigant Construction Forum linasanthula nchito zomanga 1,362, nilipeza kuti pogawa mofanana nchito imodzi inali ndi makalata pafupifupi 800. Kuti kuwerenga ndi kuyankha kalata imodzi kunadya madola 1,080 a ku America. Ndiponso kuti pa makalata asanu ali onse, imodzi inakhala yosayankhidwa.

Mau opita pakati pa omanga ndi injiniya sali a mapepala cabe. Pa 17 July 1981, mu hotela ya Hyatt Regency ku Kansas City m'dziko la America, maulalo awiri a m'kati mwa nyumba, opacikidwa wina pamwamba pa unzace, anagwera anthu amene anali kuvina pansi, ndipo anafa 114. Pulani yoyamba inati ndodo zacitsulo zazitali zocokera ku denga zinyamule maulalo onse awiri. Kampani yosula zitsulo inasintha: ulalo wapansi upacikidwe ku wapamwamba ndi ndodo zina. Kusinthako kunabvomerezedwa popanda kuwerengeranso kulemera, ndipo mfundo za ulalo wapamwamba zinasenza katundu wowirikiza kawiri. Cifukwa cace funso lakuti ndani anafunsa, ndani anayankha, ndipo anayankha ciani, ndilo funso la moyo wa anthu.

Masiku ano makampani akuru asunga makalatawa m'kompyuta, m'mapulogramu monga Procore ndi Aconex. Ndipo ciyambire November 2022, pamene ChatGPT inaturuka, kwafalikira makina a nzeru zopanga, ochedwa AI, amene alankhula ndi munthu m'mau wamba. Ena a iwo atumidwa monga kalaliki. Kapitao angowauza kuti apeze makalata onse onena za maziko a nyumba yaciwiri amene sanayankhidwe. Makinawo asankha okha pofuna, atsegula mosungira, awerenga, nabwera ndi yankho m'kamphindi.

Komatu kalaliki uyu ali ndi cirema. Iye aluka mau potsata amene akhala oyenerana, ndipo nthawi zina apeka cinthu cimene kulibe, nacinena mosadodoma. M'caka ca 2023 woweruza wina ku New York analipitsa maloya madola 5,000 cifukwa anapereka ku bwalo milandu yakale imene ChatGPT inangopeka. Makina okhoza kupeka mlandu akhoza kupekanso nambala ya kalata. Tsono kukoma kwa mau ace si umboni. Ayenera kuyesedwa asanapatsidwe nchito.

Njira yoyesera si yatsopano. M'zaka za m'ma 1960 Cyril Cleverdon, wosunga mabuku pa koleji ya za ndege ku Cranfield m'dziko la England, anasonkhanitsa mapepala a sayansi 1,400 ndi mafunso opitirira 200, ndipo anthu anayamba aona okha mapepala oyenera funso liri lonse. Pambuyo pace anayesa njira zofunira mapepala pa miyeso iwiri: pa mapepala onse oyenera, abwera angati, ndipo pa onse amene abwera, oyenera ndi angati.

Kampani yomanga icite cimodzimodzi. Itenge nchito imene inatha kale, imene makalata ace onse adziwika, ndipo injiniya ndi kapitao amene anaigwira alembe mafunso pamodzi ndi mayankho ace oona. Mwa citsanzo, pakhale makalata 20 onena za maziko. Makina afunsidwa, nabweretsa makalata 16, koma oyenera ndi 12 okha. Pamenepo makina asiya makalata 8 oyenera, naphatikizapo 4 osafunika.

Zolakwa ziwirizi sizilingana. Makalata 4 osafunika aoneka ndi maso; kapitao awawerenga, nawaika pambali, ndipo cotayika ndi mphindi zocepa. Koma 8 osiyidwa saoneka konse. Munthu alandira mndandanda wokonzeka bwino, nayesa kuti ndi wathunthu, nalamula kuti konkire ithiridwe. Pamene kalata imene inasintha kukula kwa zitsulo iri gone m'kompyuta. Konkire ikauma, kukonza ndiko kugumula. Cotero woyesa ayang'anitsitse zimene makina asiya koposa zimene aonjeza.

Pali mayeso ena anai oyenera kutsatapo.

Loyamba ndi la yankho latsopano. Kawirikawiri injiniya ayankha, ndipo patapita sabata asintha yankho lace. Makina opereka yankho lakale anena zimene zinalembedwadi, koma asokeretsa omanga. Woyesa aikemo dala makalata otere, aone ngati makina anena lomwe liri lomaliza.

Laciwiri ndi la kusonyeza kumene mau acokera. Yankho liri lonse lidze ndi nambala ya kalata, tsiku lace, ndi dzina la woyankha, kuti munthu atsegule kalatayo ndi kudzionera yekha.

Lacitatu ndi la kubvomera kusapeza. Makina afunsidwe za cinthu cimene palibe anacilemba, monga za dziwe losambira pa nchito imene inalibe dziwe. Kalaliki wokhulupirika ayankha kuti palibe kalata yotere. Wopeka abweretsa nkhani yokoma. Makina olephera pano asalandiridwe, ngakhale apambane m'zina zonse.

Lacinai ndi la malire. Pa nchito imodzi pali makampani ambiri, ndipo makalata ena akhudza mitengo ndi mikangano ya ndalama. Makina asaonetse munthu kalata imene iye alibe cilolezo ca kuiona. Ndipo poyamba apatsidwe mphamvu ya kuwerenga kokha, osati ya kutumiza kapena kutseka kalata.

Mafunso onsewa afunsidwe monga alankhulira anthu a pa nchito, mwacidule ndi mau osalembedwa bwino, ndipo funso limodzi libwerezedwe kangapo, pakuti makina otere akhoza kuyankha mosiyana lero ndi mawa. Opanga makina akawasintha, mayeso ayambenso.

Omvera a ku migodi aidziwa kale nzeru iyi. Munthu salowa pamalo pamene pangophulitsidwa asanagogode mwala wa pamwamba ndi citsulo ndi kumva kulira kwace. Omanga nawonso asunga timabokosi ta konkire, natiphwanya m'makina pakutha masiku 28, kuti adziwe mphamvu yace yeniyeni. Kalaliki wa makina ayenera kugogodedwa momwemo. Akapambana, adzapulumutsa maora ambiri a kufunafuna mapepala, ndipo makalata ogona osayankhidwa adzaoneka msanga. Koma kupeza kalata ndi nchito yina, kuweruza za maziko ndi yina. Dzina lolembedwa pansi pa yankho likhalabe la injiniya, ndipo denga likagwa, bwalo lidzaitana munthu, si makina ai.