Magetsi Abwera, Nanga Wikipedia Ili Kuti?

Anzanga, makamaka a Fomu 4 amene MSCE yakuyandikirani, mwakhala mukudandaula kuti magetsi akazima n'kubweranso, Wikipedia ya mu labu sitseguka mpaka ife a kalabu ya kompyuta tibwere. Ena mwafika ponena kuti kamakina kaja kadafa. Ayi ndithu, kali moyo. Vuto lake ndi phuma.

Kamakina kaja ndi Raspberry Pi. Kamadzukira pa kakhadi ka microSD, koma mabuku onse ali pa fulashi ya USB, ndipo pulogalamu yowaperekera kwa inu popanda intaneti ndi Kiwix. Tsono mu Linux muli kapitawo wotchedwa systemd, amene amadzutsa mapulogalamu ambiri nthawi imodzi kuti zinthu zifulumire. Fulashi ndiye imachedwako: ilandire kaye moto, izindikirike, kenaka ilumikizidwe ku foda yake. Ndi masekondi ochepa chabe, koma Kiwix amakhala atafika kale, wapeza foda ili mbee, basi wadzitsekera. Ngati mphunzitsi amene walowa m'kalasi ana akadali ku asembule, n'kubwerera ku ofesi osabweranso piriyodi yonse.

Ena amangolemba "sleep 30" kuti pulogalamu igone masekondi 30 isanayambe. Ine njira imeneyi sindiikonda, n'kungolota basi. Nanga tsiku limene fulashi idzachedwe kuposa pamenepo?

Chofunika n'kumuuza systemd chenicheni choti adikire. Mu fayilo ya /etc/fstab timalembamo fulashiyo pogwiritsa ntchito UUID, nambala yakeyake. Dzina loti sda1 n'losadalirika, chifukwa wina akabayapo fulashi yake ya nyimbo (mukudzidziwa eni ake), yathu ija itha kusanduka sdb1. Kenaka mu fayilo yoyambitsira Kiwix, pansi pa [Unit], timaikapo mzere wa RequiresMountsFor= wotsatana ndi dzina la foda. Zikatero Kiwix sayamba mpaka mabuku afike.

Pali kamawu kena koti tisaiwale mu fstab muja: nofail. Kakapanda kulembedwa, fulashi n'kuzulidwa, systemd amadikira masekondi 90, kenaka makina onse amaima n'kulowa mu emergency mode, kudikira munthu woti alembepo malamulo. Koma Pi wathu uja alibe sikirini ngakhale kiyibodi. Kakalembedwa, zina zonse zimadzuka bwinobwino, Kiwix yekha ndi amene amatsala, ndipo ife timatha kulowamo kudzera pa netiweki n'kuona chavuta.