Nyongolotsi Zanga Zinapulumuka Dzuwa la Okutobala

Chaka chatha mu Okutobala ndinatsala pang'ono kukhuthulira chidebe chonse cha nyongolotsi kudzala. Ndinali nditachiika pakhonde la malata loyang'ana kumadzulo, ndipo aliyense wa kuno ku Livingstone akudziwa ukali wa mwezi umenewu: masana kutentha kumafika madigiri 35, nthawi zina kuposa. Poganiza kuti nyongolotsi zili ndi ludzu, ndinkathiramo madzi ndowa yathunthu. Tsiku lina nditavundukula, fungo lake guu! Mkati munali phala lowola, zina zitaumira m'mbali pothawa.

Apongozi anga anasuzumira, nagwira pakamwa. "Bambo, izitu mwaziphika, kenako mwazimiza."

Ananena zoona. Nyongolotsi zofiira zopangira manyowazi, zotchedwa Eisenia fetida, zimapumira pakhungu. Khungu likauma zimafa, zikatsekeredwa m'matope opanda mpweya zimafanso. Zimakondwa pa madigiri 15 mpaka 25, osati m'ng'anjo ndinaziikamo muja.

Tinanyamula chidebecho awiri n'kukachikhazika pa njerwa pansi pa mtengo wa mango. Kunsi ndinaboola timabowo ndi msomali wamoto, mkati n'kusakanizamo makatoni ong'ambang'amba, pamwamba n'kuyala chiguduli chonyowa. Chiguduli chimenechi ndicho dokotala wamkulu: madzi ake akamauma ndi mphepo, mkati mumazizira ngati mumtsuko. Ndowa ndinaisiya, pano ndimangowaza ndi dzanja. Ndimatapa zamkatimo pang'ono n'kufinya. Likatuluka dontho limodzi kapena awiri, basi zili bwino. Mu Juni, usiku ukazizira mpaka pansi pa madigiri 10, ndinkafunditsa chidebecho bulangete lakale.

Bwerani mudzaone lero! Ukangotukula chiguduli, pa khoko limodzi la nthochi zili piringupiringu, zonenepa, zonyezimira. Timazira tawo tachikasu, tochepa ngati njere za mapira, tili mbwee. Manyowa ake ndi akuda bii, ofewa, onunkhira ngati dothi la mvula yoyamba ya Novembala.

Mchenga wa kwathu ku Nakatindi umameza madzi ngati sefa, koma pabedi pomwe ndinathira manyowawa chinyezi chimagonera. Repu wake masamba ngati mbale. Dzulo apongozi omwe aja anafika m'mamawa ndi kachitini m'manja, akumwetulira: "Bambo, tandipatsaniko zochepa, nanenso ndikayambe."